Pampu ya Nachisale M'thumba la a Mbewe

Apongozi anga aamuna, a Yelemiya Mbewe, tawaika sabata yathayi, ndipo anthu anabwera mpaka msewu wathu kuno ku St Mary's unatsekeka. Olankhula analankhula. Wina anati kwagwa mtengo waukulu, wina anati Amalawi a ku Chitungwiza tatsala amasiye. Ine ndinali kuseri ndi amayi anzanga tikutsuka mbale, ndipo mwayi wake ntchito imeneyo imafuna kuweramitsa mutu, apo ayi nkhope ikanandiulula. Amati wakufa sanenedwa zoipa. Chabwino, ine sindinena zoipa. Ndingonena zimene ndinaona ndi maso angawa, dzina lake mupereke nokha.

Amene anandinyansa kwambiri ndi mlaliki. Anati a Mbewe apita kukakumana ndi okondedwa awo mayi Nachisale, amene a Mbewewo anawasamalira mpaka tsiku lawo lomaliza. Mbale inandipulumuka m'manja. Mai Chipo, mnansi wathu wa Chishona amene analipo pa tsiku lomalizalo, anandigunda ndi chigongono n'kunong'ona kuti, "Nyarara, muroora," ndiye kuti khala chete, mpongozi iwe. Pamaliro ndinakhaladi chete, koma pano maliro atha.

A Mbewe anachoka ku Dedza ali mnyamata, wapansi, monga ankachokera ambiri masiku amenewo. Anagwira ntchito pafamu ya fodya, kuyambira kusankha masamba m'shedi mpaka kukhala kapitawo, ndipo ukapitawo umenewo sanauvule mpaka m'manda. Atabwera m'tauni anali mesenjala chabe pakampani ina ku Harare, koma mukanawaona akutsika basi madzulo mukanati mwini kampani wabwera kudzazonda amphawi. Ashona ankawatchula Sekuru Mbewe, ndiye kuti agogo Mbewe. Wina akalakwitsa n'kuwaitana kuti Achimwene, monga amatiitanira ife a ku Malawi, ankamuyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi n'kumufunsa ngati anabadwa mimba imodzi.

Chabwino chawo chinalipo, ndisaname. Ife kuno tilibe mudzi wokaikidwako. Mshona akafa amamukweza lole kupita naye kumusha kwawo, koma Mmalawi akafa wopanda anthu amaikidwa ndi akhonsolo ngati galu. N'chifukwa chake makolo athu anayambitsa masosaite a maliro, ndipo wa mpingo wathu tcheyamani wake anali a Mbewe. Ntchito imeneyo ankaidziwa. Ankadziwa kogula bokosi losang'ambika, ankadziwa woyenera kulankhula poyamba ndi womalizira, ankadziwa mbali yoloza mutu wa malemu. Akayambitsa nyimbo, mawu awo ankamveka mpaka kumabala a ku Huruyadzo, zidakwa n'kuvula zipewa. Paja amati ukaipa dziwa nyimbo. Munthu ukafa, m'manja mwa a Mbewe unali m'manja mwabwino. Vuto linali pamene ukupumabe.

Anali ndi jekete lakuda limene ankavala kutchalitchi, kumaliro, ngakhale popita kukagula machesi. Thumba lam'kati la jekete limenelo ndilo linali likulu la nyumba yathu. Munali makiyi a kabati ya shuga, chitupa cha akazi awo, khadi lawo la kuchipatala, ndiponso mabatire a wailesi, chifukwa akamachoka ankawachotsa kuti akazi tisamvere nyimbo zopanda pake. Ankakonda kunena kuti chinthu chofunika pakhomo chizigona pachifuwa pa mwamuna, ndipo kuti nyumba ya mitu iwiri ndi njoka yam'nthano. Ankanenanso kuti mkazi ukam'patsa kiyi lero, mawa afuna chitseko.

Zina zimene ankalamula zinali zazing'ono, kungoti pamapeto pake sizinakhale zazing'ono. Mawindo a chipinda chawo sankatsegulidwa, ati mphepo ya dziko lino ndi yachinyengo, ndipo m'ming'alu ankatsekamo nyuzipepala. Nyengo yozizira mbaula inkalowa m'chipinda. Fodya wawo anali chingambwe chopichira papepala, ndipo ankasutira pabedi. Pansi ankafuna polishi wofiira wonunkha uja, wopakidwa mpaka munthu azione nkhope, chifukwa akuluakulu a sosaite ankakumana pabalaza pathu ndipo nyumba ya tcheyamani siingaoneke ngati ya pakomboni.

M'nyumba imeneyo ndimo munkakhala mayi Nachisale ndi mphumu yawo.

Anali amayi ochepa thupi, oseka atagwira pakamwa, oluka madoilo amene ine ndinkakawagulitsira pamsika wa Huruyadzo. Anandilandira ngati mwana wawo wobereka. Mphumu inawayamba kufamu, m'fumbi la fodya, ndipo inkakula chaka ndi chaka. Ikawagwira ankakhala pamphasa atatsamiza manja pamaondo, mapewa akukwera ndi kutsika, m'chifuwa mukulira ngati muli kamwana ka mphaka. A Mbewe ankawafukiza ndi masamba a bulugamu, kuwamwetsa dzira losaphika, kenako pemphero lalitali. Akamaliza ankayatsa fodya n'kunena kuti mphumu ndi matenda a anthu okonda kumveredwa chisoni.

Chaka china, dziko litangolandira kumene ufulu, mayi anabanika ali m'tchalitchi, pamaso pa mpingo wonse, ndiye a Mbewe analibe pothawira. Anagonekedwa kuchipatala chachikulu. Tsiku lotuluka tinapita kukawatenga, ine ndi a Mbewe, ine pambuyo monga mwa mwambo. Sisita wa m'wodimo, mayi wa Chishona wojintcha, wosaseka zachabe, anatikhazika pabenchi n'kuika patebulo timapampu tiwiri, tija munthu amapopera mankhwala m'kamwa. Kena kanali kabulauni, kena kabuluu.

"Ambuya, kabulauni aka ndi ka tsiku lililonse, m'mawa ndi madzulo, ngakhale mukumva bwino," anatero Sisita. "Kamaletsa njira za mpweya kutupa. Mukapopera muzichukucha m'kamwa ndi madzi n'kulavula. Kabuluu aka ndi kotsegula chifuwa chikatseka. Kameneka kazikhala ndi inu, osati ndi wina. Kumsika, kutchalitchi, kuchimbudzi, kazikhala pathupi panu."

Anawaonetsa kachitidwe kake, kukhutchumula kaye, kutulutsa mpweya wonse, kupana ndi milomo, kudina uku akukoka mpweya pang'onopang'ono, kenako kuusunga pang'ono usanatuluke. Mayi anayesa, analakwitsa, anaseka atagwira pakamwa, anayesanso mpaka anakhoza. Kenako Sisita anatembenukira kwa a Mbewe.

"Sekuru, kumene agona amayiwa kusakhale utsi. Fodya ayi, mbaula ayi, polishi wonunkha ayi. Mawindo azitsegulidwa, mabulangete aziyanikidwa padzuwa. Ndipo mukaona kuti akulephera kumaliza mawu, kapena kabuluu sikakuthandiza, musadikire. Akhale tsonga, muthamange nawo kuno. Manzwa here, Sekuru?"

"Ndanzwa, Sisita," anayankha a Mbewe m'Chishona momwemo kuti amva, chipewa chili pabondo, akugwedeza mutu ngati mwana wa sukulu ya Sande. Anafunsanso mafunso, ndipo anali mafunso anzeru. Anafunsa kuti munthu asunge mpweya nthawi yotalika bwanji, ndi kuti angadziwe bwanji kuti pampu yatha. Sisita anawayamikira, nati amuna onse akanakhala otere bwenzi ntchito yake ikupepuka. Ine ndinasangalala mumtima, ndinati mwina munthuyu tinkangomuweruza.

Tisanafike ndi pokwerera basi pomwe, a Mbewe anatambasula dzanja. Mayi anayang'ana ine, anayang'ana dzanjalo, n'kupereka timapampu tonse tiwiri. Timapamputo tinalowa m'thumba muja, pamodzi ndi makiyi a shuga.

Zifukwa anali nazo, a Mbewe sankasowa zifukwa. Ankati pampu imazolowereka ngati kachasu, woyamba pampu wayamba ulendo wa kumanda, ndipo iwo monga tcheyamani anaika anthu ambiri amene anapezeka ndi pampu pansi pa pilo. Osaganiza kuti mwina anthuwo anaipeza mochedwa. Kabulauni anakatsekera m'sutikesi tsiku lomwelo, ati ndi wamisala yekha amene amamwa mankhwala asakudwala. Kabuluu anati azikasunga iwo, mayi akafuna azipempha, iwo aziona ngati m'pofunikadi. Mbaula inabwerera m'chipinda usiku woyamba, fodya sanachoke n'komwe.

Ndinawamvapo mayi akupempha, ndipo mawu amenewo sadzandichoka. "Bambo, ndipatseniko kamodzi." A Mbewe ankayamba awayang'ana, ngati mmene ankayang'anira masamba a fodya m'shedi posankha giredi. Nthawi zina ankapereka. Nthawi zambiri ankati yambani mwamwa madzi otentha, tione.

Amuna anga a Filipo, mwana wawo yekhayo wamwamuna, anayesa kulankhula. Anauzidwa kuti nyumba ya mwini saotcheramo mbewa, ndipo ngati akula akafune nyumba yawo ku Seke. Ife tinkakhala m'kachipinda ka kuseri, dzina lathu lili pamzere wa nyumba za khonsolo umene sunkayenda, ndiye a Filipo anameza mawu. Ine ndiye kulankhula nawo sindikanatha n'komwe. Mwambo wathu, umene a Mbewe ankausunga kuposa anthu a ku Dedza eni ake, umati mpongozi sayang'anana ndi apongozi aamuna, sawapatsa chinthu m'manja, sakhudza chovala chawo chili pathupi. Ndikafuna kunena kanthu ndinkagwada pakhomo, kuyang'ana kukhoma, n'kumauza mwana wanga wamkazi Tendai kuti uwauze agogo ako zakutizakuti, iwo ali pomwepo akumva. Mkangano wanga ndi iwo unkachitika m'mapoto. Ndinkawamenyetsa dala, iwo n'kuuza Tendai kuti uwauze amako kuti kufamu kumene anakulira kunalibe mwambo.

Ndinawanyengerera mayi kuti tipite kukiliniki mwakachetechete tikapemphe ina. Khadi linali m'thumba, komabe ndinati tikafotokoza atimvetsa. Anakana. "Mwanawe, anthu awa ndakhala nawo kuyambira kufamu," anatero. "Akadzaipeza adzati ndayamba kuwabisira zinthu. Ndidzapita kuti ine? Kwathu ndinachokako ndili namwali, amene ankandidziwa anatha." Ndinawakwiyira tsiku limenelo, kenako ndinakawapepesa ndi tiyi.

Tsiku limene mlaliki uja ankalinena linali Loweruka la mwezi wa Ogasiti, nyengo ya mphepo ndi fumbi, kutchire akutentha udzu. Kunali maliro ku Zengeza 3, a bambo wina wa sosaite yathu. A Mbewe ananyamuka m'mawa atavala jekete, atasiya lamulo loti pabalaza papakidwe polishi chifukwa akuluakulu adzamwera tiyi kwathu pochokera kumanda. A Filipo anali kuntchito ku Harare. Mayi anali atadzuka kale ndi chifuwa cholemera, ndipo pachipata anawapempha kuti, "Bambo, mundisiyireko lero." Anayankhidwa kuti abwera msanga.

Ndinawauza mayi kuti akhale panja, polishi ndipaka ndekha. Koma panja panali fumbi ndi utsi, m'nyumba munali fungo, analibe koti apumire. Dzuwa litapendeka ndinawapeza pakhonde atagwira m'mphepete mwa benchi. Pakhosi pankalowa m'kati akamakoka mpweya. Ndinawafunsa ngati akufuna madzi, ndipo anayamba kuyankha, "Mwanawe, ndi..." Mawu anathera pomwepo. Ndinakumbukira Sisita uja.

Ndinakuwira Mai Chipo. Iwo anatuma mlamu wawo kuthamangira ku Huruyadzo kukafuna galimoto, zija zamatola zotchedwa imejensi, zodzaza anthu mpaka kubuti, okha n'kukhala pansi kuwagwira mayi kuti akhale tsonga. Kiliniki yapafupi inali itatseka, linali Loweruka masana. Galimoto Loweruka siipezeka msanga. Chinthu chimodzi chimene chikanawatsegula chifuwa podikira chinali ku Zengeza 3, ndiye ndinamanga chitenje n'kuthamanga.

Ndinafika pasiwa mwambo uli pakati. Amayi anali pansi mbali ina, abambo pamabenchi mbali ina, bokosi pakati, ndipo a Mbewe ataimirira, dzanja lina m'mwamba, akufotokoza mbiri ya malemu. Ndinagwada patali monga ayenera kuchitira mpongozi. Ndinakodola a Mwale, achiwiri kwa tcheyamani, nkhalamba yofatsa yopanda chinyengo, n'kuwauza kuti mayi akubanika, bambo andipatse pampu. A Mwale anapita mowerama n'kukawanong'oneza. A Mbewe sanatembenuke. Anangotsitsa dzanja lija n'kuligwedeza kumbuyo, monga timaingitsira nkhuku, n'kupitiriza za mmene malemu anafikira m'dziko lino.

A Mwale anabwerera ali ndi manyazi. "Akuti mudikire amalize, mayi. Mukudziwa lamulo lathu, tcheya akaimirira sadulidwa."

Lamulo limenelo analipanga ndi a Mbewe omwewo. Ndipo mbiri ya malemu m'kamwa mwawo inkayambira kwa agogo a malemuyo.

Ndinaimirira. Ndinadutsa pakati pa mabenchi a abambo, malo amene mkazi sapondako, anthu akundiyang'ana ngati ndavula. Ndinafika pamaso pa apongozi anga, ndinagwira jekete lija, ndinapisa dzanja m'thumba lam'kati. Ndinamva makiyi, ndinamva mabatire, ndinamva mtima wawo ukugunda kuseri kwa malaya, kenako kapampu. Mbiri ya malemu inadukira pomwepo. Mayi wina anati "Maiwe", wina anayamba kulira mokweza kuti abise zimene zachitika. Sindinayang'ane kumbuyo.

Nditafika kunyumba m'chifuwa mwa mayi simunkaliranso, ndipo Mai Chipo anati mwina akupezako bwino. Sikunali kupeza bwino, mpweya ndi umene sunkalowanso. Milomo inali itada. Ndinakhutchumula kapampu kaja ndipo sindinamve kanthu m'kati. Ndinawaika pakamwa, ndinadina. Kanangoti fyu, kopanda mphamvu. Ndinadinanso, ndinadinanso. Munalibe kanthu. Mayi ankandiyang'ana m'maso, akudikira mankhwala amene ndinawathamangira.

Galimoto inabwera. Tinawanyamula atakhala tsonga pakati pa ine ndi Mai Chipo, woyendetsa akuliza hutala njira yonse. Anatsamira paphewa panga tisanafike pachipata cha chipatala, ndipo anamwino atawatenga sanachedwe kutuluka.

Maliro a mayi Nachisale anthu amawakumbukabe. Bokosi lonyezimira, mabasi odzaza, makwaya a mipingo ingapo. A Mbewe anayendetsa okha mwambo wonse osalakwitsa ndi pamodzi pomwe, ndipo anayambitsa nyimbo imene mayi ankaikonda, misozi ikutsika. Anthu anati taonani chikondi. Ndinakuuzani kuti akufa ankawadziwa kuwasamala.

Titangomaliza kusesa, anaitanitsa akuluakulu a sosaite pabalaza pathu. Ine ndinayesa kuti akufuna kunena za imfa ya akazi awo. Ayi ndithu, mlandu unali wa dzanja langa.

"Mwana uyu anandivula pamaso pa anthu," anatero. "Dzanja la mpongozi pachifuwa panga, ine nditaimirira pamaliro a mwini. Kwathu zimenezi sizichitika. Ndikufuna nkhuku."

Akuluakulu anavomereza kuti mwambo unaswekadi. Ine ndinali nditagwada pakhomo, nkhope kukhoma, a Filipo atakhala pakona atazolika. Atandipatsa mpata ndinalankhula kudzera mwa a Mwale.

"A Mwale, nkhuku ndipereka. Koma mundifunsireko kwa bambo. Pampu ija mayi ankapatsidwa mwa apo ndi apo, nthawi zambiri ankakanizidwa. Inatha bwanji?"

"Zinthu za azungu zimauluka zokha," anayankha a Mbewe msangamsanga. "Ndimanena ine kuti n'zosadalirika."

A Mwale anakanda m'mutu. Munthu uja analibe njiru, anangofuna kuthandiza kuti nkhani imveke. "Kodi mukunena kabuluu kaja? Si ka a tcheya kaja? Ine ndinkayesa n'kawo. Nanga si maliro alionse, asanayambitse nyimbo, ankayamba apita kuseri kwa chimbudzi kukapopera? Ndinkawasungira ndodo ine. Ngakhale tsiku lomwe lija anapopera, kangapo ndithu, mpaka ndinamva akudandaula kuti sikakutulutsa bwino."

A Filipo anadzuka n'kutuluka, chitseko osatseka.

Ndiye kuti fumbi la m'shedi lija silinasankhe munthu. Nawonso chifuwa chinali chitayamba kuwatseka, makamaka akafuna kukweza mawu, koma tcheyamani sangaime pamzere wa kukiliniki pakati pa amayi oyembekezera n'kunena kuti akudwala matenda a anthu okonda kumveredwa chisoni. Mafunso anzeru aja kuchipatala ankadzifunsira okha. Mawu amene ankavulitsa zidakwa zipewa ku Huruyadzo ankatuluka ndi mpweya wa akazi awo. Ndipo pamene ankandiingitsa ngati nkhuku ankadziwa kale kuti m'thumbamo mulibe chondipatsa.

Mukuganiza kuti akuluakulu aja anatani? Anayang'ana pansi, pa polishi wofiira uja, anatsokomola, kenako mmodzi anati imeneyo ndi nkhani ina, ya m'banja, koma imene aitanidwira ndi ya dzanja. Nkhuku inagamulidwa. Ndinapita ku Huruyadzo n'kusankha yowonda kuposa zonse, yothothoka nthenga m'khosi. Ndinaipha, ndinaiphika, ndinakaika pakhomo nditagwada. Anadya mpaka kuphwanya mafupa.

Tinakhalabe m'nyumba yomweyo, chifukwa mzere wa khonsolo sunasunthe, ndipo ine ndinapitiriza kuwaphikira ndi kuwachapira. Nyengo yozizira yotsatira chifuwa chinawagwira poyera, pampu yoba palibenso. Paja amati wamva m'mimba ndiye atsegula chitseko. M'mawa wina anavala jekete n'kukwera basi ya ku Seke, kukiliniki ya kutali kumene sankadziwika, ndipo anabwerako ndi timapampu tiwiri tawotawo.

Apa ndiye ndinaona wodwala womvera amene madokotala amamulota. Kabulauni m'mawa ndi madzulo, osadumphitsa, ngakhale tsiku limene akumva bwino. M'mamawa uliwonse ndinkawamva pampopi wa kuseri akuchukucha m'kamwa n'kulavula. Fodya anamusiya tsiku limodzi, munthu amene anasuta kuyambira ku Dedza. Anauza Tendai kuti uwauze amako achotse mbaula, asiye polishi, achotse nyuzipepala m'mawindo, mabulangete azituluka padzuwa. Tsiku lokaonedwanso kukiliniki sankaliphonya. Palibe mawu a Sisita uja amene anagwa pansi. Onse anawamva tsiku lija pabenchi, anangowasunga mpaka atafunika kwa munthu woyenera.

Manyazi atatha anasanduka mphunzitsi. Pamisonkhano ya sosaite ankatulutsa kabuluu n'kumalangiza anthu a mphumu kuti asamaope pampu, siizolowereka, ndipo chachikulu izikhala ndi wodwala mwini wake, osati ndi wina. Ndinawamva ndi makutu angawa ndikuthira tiyi. Anthu ankati a tcheya ndi munthu wotsogola. Ena anapulumukadi ndi malangizo amenewo, mwa iwo mkazi wa a Mwale, ndiye kaya Mulungu aziwerengera bwanji zimenezo. Ine sindikhululuka, ndipo sindinayesepo.

Za mayi Nachisale sanazitchulepo, kupatula kamodzi. Chaka chathachi, masana ena, ndikuwaikira madzi osamba m'manja, analankhula osadzera mwa Tendai, koyamba chilowereni ine m'banja limeneli. Nkhope anali atalozetsa kukhoma.

"Mayi a Tendai. Tsiku lija, kodi anandiitana?"

"Analibe mpweya woitanira munthu, bambo," ndinayankha.

Anasamba m'manja. Kenako anapempha mchere.

Sanafe ndi mphumu. Anafa atakalamba bwino, atakhuta, atakhala pampando wawo padzuwa, chipewa chili kumaso, mwakuti tinayesa akuwodzera. Anakhala zaka zonsezi akupuma bwino, akuimba pamaliro a anthu, mawu osasasa.

Dzulo a Filipo anandipempha kuti ndikonze chipinda chawo, popeza iwo sakufuna kulowamo. Sindinapezemo ntchito yambiri. Mawindo onse awiri ali pululu, makatani olemera aja anachotsedwa kalekale. Pansi ndi simenti yotuwa, yokolopedwa ndi madzi okha. Pakona pamene pankakhala mbaula patsala chibanga chakuda chimene sichichoka, koma fungo la utsi mulibe. Pamwamba pa kabati palibe fumbi, chifukwa ankandipukutitsa ndi nsanza yonyowa. Bedi ndi lomwe lija la anthu awiri, bulangete lopindidwa bwino, lonunkhira dzuwa. Mphepo imalowa windo ili n'kutulukira ilo.

Mai Chipo anabwera kudzandithandiza. Anaima pakati pa chipindacho, anakoka mpweya, n'kunena kuti muno ndiye mumapumika bwino.

Ndinati inde, muno munthu wa mphumu akanakhala zaka zambiri.